Khoma lopanda pulasitala

Lachiwiri lapitali ndinadzichititsa manyazi kuntchito, ndipo sindikudandaula.

Ndimasamalira bambo wina wokalamba, a Harold, kunja pang'ono kwa mzinda wa Wolverhampton kuno ku UK. Nyumba yawo ndi ya miyala yokhayokha, yakale kuposa agogo a agogo anga. Tsikulo ndinapeza mmisiri ali pamakwerero, akukolokosa m'mipata ya miyala ndi kachitsulo, n'kumamatamo laimu pang'onopang'ono. Sabata yathunthu, khoma limodzi.

Ine pakamwa panga sipakhala chete. Ndinawauza a Harold kuti kwathu khomalo tikanalimenya pulasitala masiku awiri, penti pamwamba, nyumba n'kuoneka ya munthu. Paja ife tikaona khoma losapaka timati mwini wake zinamuvuta panjira.

A Harold anaseka mpaka kutsokomola. Anati nyumbayo ili pamndandanda wa nyumba zotetezedwa ndi boma, moti ngakhale zenera sangalisinthe popanda chilolezo. Anandifotokozeranso kuti simenti imatsekera chinyezi m'kati, mwala n'kuyamba kufumbutuka, pomwe laimu amalola khoma kuuma. Kenako anati ndiwakankhe panjinga yawo ya olumala tizungulire panja.

Ndatha zaka ziwiri ndikulowa m'nyumbayi, koma ndinali ndisanaione. Denga ndi la miyala yaphanthiphanthi, ikuluikulu m'munsi, n'kumachepa pokwera kumtunda. Mazenera anawagawa ndi timizati tamwala, ndipo pamwamba pa lililonse pali kamlomo kotayira madzi amvula kumbali. Mwala wapakhomo unakumbika pakati chifukwa cha mapazi a anthu. Ndinachita nayo kaso, ndisaname.

"Tagwira apa," anatero a Harold. Pamwalapo panali timizere ta tchizulo. "Amene anasema mwalawu dzina lake sitilidziwa, koma dzanja lake ndi limeneli."

Pamenepo mtima unandiwawa. Ku Dedza kuli nyumba imene malemu bambo anga anamanga. Njerwa anaumba ndi kuwotcha okha, ndipo zina zikuonekabe zala zawo. Ine ndi achimwene anga tinagwirizana kuti Loweruka lino igwetsedwe, pamangidwe ya matailosi ndi magalasi akuda. Chifukwa chake? Anthu asamati mwana ali ku UK koma kwawo kuli chinyumba chachikale.

Kodi si mmene tilili ambirife? Nyumba zakale za eni dziko timazijambula n'kumatumizirana pafoni, tikuyamikira. Zathu timachita nazo manyazi. Ndani anatiuza kuti chimene anamanga kholo lako n'chongodikira nyundo?

Nditaweruka, ndinaimbira achimwene ndikutsika basi ku Whitmore Reans, kumene ndimakhala. Nditawauza kuti ndasintha maganizo pa za nyumba ija, anayamba ndi kundifunsa ngati kuzizira kwandisokoneza mutu.

"Yatsopanoyo timange pambali, achimwene," ndinatero. "Ya bambo musaikhudze."



"Ndimaopa kukuuza, mlongo," anatero. "Nyundo ndinabwereka kale, koma sindikanatha kuinyamula."