Ba Tisa, munandiimira pakhonde paja

Ba Tisa, akulu anga, lero m'basi yochokera ku Lusaka anakweramo mayi wina ndi dengu la nsomba zouma. Fungo lake litangondipeza ndinayamba kulira, anthu akundiyang'ana. Ndinakumbukira tsiku lija amalume anabwera kunyumba kwathu ku Estates kudzagamula za maphunziro anga. Anati ndikachite unesi, chifukwa za makompyuta ndi za amuna, ndidzangovutika pachabe. Ine ndinangowerama. Inu munali mutangofika kuchokera kokagula nsomba ku Chanyanya, thukuta lili kamukamu, mamba a nsomba akadali m'manja. Munatsamiritsa njinga pakhoma, munagwada bwinobwino, n'kunena kuti, "Ba malume, wailesi yanu ija anakonza ni ndani? Musiyeni mwana. Nsomba nizagulitsa ine, iye akaphunzire vamene afuna." Amalume anayang'ana kumbali, nkhani inathera pomwepo.

Ndinamaliza, ba Tisa. Tsopano ndine injiniya wa makompyuta, koma ntchito ndinaipeza inu titakuikani kale m'manda. Zimene ndinkaphunzira simunkazimva, komabe anzanu onse kumsika ankadziwa kuti mng'ono wanu "amachiritsa makompyuta". Ana anu ali bwino, akukula, ndipo wamng'ono uja wayamba kuseka ngati inu. Ndikaweruka ndimakhala ndi zambiri zoti ndikuuzeni, koma palibenso wondidula pakati n'kundiuza kuti, "Iwe, kamba Chinyanja nimveko." Usani mumtendere, akulu anga.