Fundi Zaidi ndi Mimba ya Ndege

A Zaidi a ku Bua sukulu sanaiponde, koma maboti awo ankadziwika kuyambira ku Nkhunga mpaka kwa Malenga Chanzi. Anali aafupi, amatewe, pensulo kukhutu nthawi zonse ngakhale kulemba sankadziwa. Swala, mapemphero a Chisilamu, sankadumpha. Adhana yoitanira kumapemphero ikamveka ankasiya msomali uli theka. Koma kudzitama kokha, Mulungu awakhululukire, kunali ngati chifuwa cha mu Juni, chosatha.

Kuno fundi akakhoma boti amayamba kukwera ndi iyeyo, mwini boti asanaponyemo phazi. Likamira, amire wolikhomayo. Mafundi ena ankazemba, ati mwendo, ati malungo. A Zaidi ayi. "Ine chimene ndakhoma ndimakwera," ankatero pamsika, pamaliro, ngakhale pakhomo la mzikiti. Asodzi ankabwera kwa iwo chifukwa cha mawu amenewa.

Kumtunda kunali mzungu wa esiteti ya fodya amene anali ndi kandege kakekake ka mipando iwiri, kotera pabwalo la udzu kuboma. Anthu ankamutcha Bwana Sikelo, poti chilichonse cholowa m'kandegeko ankayamba wachipima, ngakhale galu wake. Koma poika katundu panalibe. Ndiye tsiku lina anafika kwa a Zaidi ndi matabwa opyapyala, malata opepuka ndi chipepala chojambulidwa. Ankafuna bokosi lalitali lomangirira kunsi kwa ndege, pakati pa matayala.

A Zaidi anachiyang'ana chipepalacho, anachitembenuza, n'kuseka.

"Aka ndi kaboti aka, bwana. Kangosowa madzi."

Anakhoma milungu itatu pabwalo pomwepo. Mipata yonse anaitseka ndi thonje ndi phula monga amachitira boti. Mzungu anati phulalo n'lolemera, komanso kumwamba kulibe nyanja.

"Nanga mvula imachokera kuti?"

Mzungu anangokanda m'mutu. Atalimangirira ndi mabawuti, kandege kaja kanaoneka kolemedwa, moti amayi otunga madzi anati ndege ili ndi pakati, ndipo mwini mimba ndi a Zaidi. Iwo anakondwa nalo dzinalo mpaka tsiku limene a Dailesi, ogulitsa usipa, anawakuwira pamsika.

"A fundi! Nanga mukwera liti?"

A Zaidi anangotembenuka n'kulunjika kunyumba. Munthuyu mafunde a mwera sankawaopa, koma padenga la nyumba yake yomwe sanakwerepo. Ankafolera ndi mlamu wawo. Kuyambira tsikulo anayamba kufika kumzikiti shehe asanafike. "Mulungu wanga," ankatero chamumtima, "ine ndinkanena za pamadzi."

Mulungu amayankha mwa njira zake. Chaka chimenecho Bua anasefukira, msewu n'kuduka. A Stefano, tcheyamani wa chipani m'deralo, anali atatolera kale mphatso za kumsonkhano waukulu khomo ndi khomo: mpunga, usipa, mazira, chilichonse chimene munthu anapereka mwa kufuna kwake ayufi ataima pakhomo ndi zibonga. Zonse zinkangoola m'kalasi ya sukulu. A tcheyamani anapita kwa Bwana Sikelo kukapempha ndege. Mzungu ankadziwa kuti masiku amenewo wokana pempho lotere ankamanga masutikesi tsiku lomwelo, ndiye anavomera msangamsanga. Katundu alowa m'bokosi latsopano, mpando wachiwiri ndi wa a tcheyamani.

A Zaidi anafika kunyumba akuimba.

"Amake Mariamu, mpando wapita! Chipani chalamula, ine ndine ndani?"

Akazi awo a Rahila anali akupeta mpunga. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Imbani bwino, bambo a Mariamu. A Fakiri aja amafuna boti aja atumiza mawu. Akuti matabwa awo akawapereka kwa fundi wina, poti inu mwayamba kukhoma zinthu zoti akwere anzanu."

"Koma ndi ndege!"

"Pakamwa panu pomwe mumalumbira paja munatchulapo boti? Munati chimene ndakhoma. Asodzi akakuthawani tidzadya pensulo ili kukhutuyo?"

M'mawa mwake anthu anadzaza bwalo. Bwana Sikelo anapachika sikelo yake ya fodya pamtengo, napima matumba onse. Kenaka analoza a tcheyamani. Anawalowetsa m'chiguduli, suti ndi baji zomwe, ayufi anayi n'kuwakoleka, miyendo ili lendelende. Palibe anaseka. Anthu ambiri anangogwidwa ndi chifuwa nthawi imodzi. Muvi utaima, mzungu anati matumba awiri a mpunga atsale. A tcheyamani anati akasungidwe kunyumba kwawo, podalirika.

Asanayambe kulongedza, a Rahila anadutsa pakati pa ayufi, nagwada.

"Pepani a tcheyamani, ine ndine mayi wosaphunzira. Koma bokosili wolikhoma sanalikwere. Mphatso za chipani zilowe m'chinthu chosayesedwa? Zikakagwera m'nkhalango uko, kumsonkhano akafunsa ndani? Ife kapena inu?"

Thukuta linawatsika a tcheyamani mpaka m'kolala.

"Fundi alowe!" anakuwa.

Mzungu anakana kwamtuwagalu. Anati munthu sangauluke ali m'menemo, ngakhale amumange.

"Wanena zouluka ndani, bwana?" anatero a Rahila. "Boti latsopano sayesera pakati pa nyanja. Amayesera m'mbali, pofika m'chiuno."

A Zaidi anawayang'ana akazi awo osadziwa kuti awathokoze kapena awasudzule. Anavula kofia ndi nkhwayira, anapatsa a Rahila, anatchula mokweza shahada, mawu a chikhulupiriro chawo, n'kukwawira m'bokosi chagada ngati munthu wodziika yekha m'jeneza, chonyamulira maliro. Mzungu anatseka kachitseko. Injini sanailize. Ayufi anagwira mapiko ndi mchira n'kuyamba kukankha, nyimbo ya chipani ili pakamwa. Bwalolo linali la zulu ndi mapondo a ng'ombe, ndipo anyamatawo akaimba amathamanga. Mkati munkamveka gu! gu! ndi mayina a Mulungu, onse makumi asanu ndi anayi mphambu asanu ndi anayi, ena kawirikawiri. Anafika kumapeto, anatembenuka, n'kubwerera.

Atatsegula, a Zaidi anatuluka ndi chotupa pachipumi ngati dzira la bakha. Anaima, anasasa fumbi, anavala kofia. Iwo anagogoda bokosilo kawiri ndi chala, monga ankachitira ndi boti lililonse.

"Silikudontha."

Nthungululu zinamveka mpaka kunyanja. Katundu analowa, kandege kananyamuka ndi mimba yake, a tcheyamani atatsinzina. Matumba awiri aja kumsonkhano sanafike, koma zimenezo aweruze ndi Mulungu. Mawa lake a Fakiri anabweretsa matabwa awo pangolo.

A Zaidi anakhoma maboti zaka zina makumi awiri, lililonse akuyamba kukwera okha. Mpaka imfa yawo ankauza aliyense kuti iwo ndege anakwerapo, ndipo a Rahila sankatsutsa. Wina akafunsa kuti kodi m'ndege mumaoneka bwanji, ankagwira pachipumi.

"Muli mdima, m'bale wanga. Ndiponso mumanunkha phula."