Tepi ya Che Fakiri

Ummy Yasini salankhula kwambiri, moti ife a pa kawailesi ka alimi ku Dwambazi, amene timadyera pakamwa, poyamba tinkamuyesa wamwano. Anakulira ku Ngala, m'shopu ya bambo ake yokonza mafoni, ndipo za makompyuta anakaphunzira pa ofesi ina ku Dwangwa. Kwathu amabwera Lachiwiri lokha kudzationera makompyuta, pa njinga yamoto.

Chaka chatha disiki yosungira mapulogalamu athu inapsa. Mawu onse a malemu Che Fakiri, amene anaulutsa za ulimi zaka khumi ndi ziwiri, anatsala pa tepi imodzi yokha. Tinailowetsa m'makina ake olumikizidwa ku kompyuta, koma kompyuta inangolemba kuti tilibe chilolezo. Tinalimbana nayo masiku atatu. Ine ndinafika pomenya makinawo ndi dzanja, sindikana. Chinkandiwawa n'chakuti Mayi Rahila, mkazi wa malemuyo, anali atapempha mawu a amuna awo kuti adzukulu adzawamve, ndipo tinali titawalonjeza.

Lachiwiri litafika, Mayi Rahila analawirira kudzakhala pabenchi. Ummy sanapupulume. Anagwira chingwe cha makina a tepi aja, anayang'ana kanyali kake kobiriwira, kenako anafufuza m'kompyuta kuti makinawo amamvera ndani.

"Dzina la Che Fakiri munalichotsa liti muno?" anandifunsa.

"Tsiku la arubaini, pa sadaka ya masiku makumi anayi ija," ndinatero. "Kumudzi anagawa zovala, makiyi anabweza, nafenso tinafufuta dzina lawo. Nanga si mwambo wake?"

"Ndiye makinawa akudikira iwowo. M'gulu lololedwa kugwira tepi munali dzina lawo lokha."

Sananame. Pogula makinawo tinapereka chilolezo kwa iwo okha, monga mmene timaperekera makiyi kwa wamkulu, ndipo palibe anaganizapo za mawa. Manyazi anandigwira.

Ummy analowa m'kompyuta ngati woiyang'anira, n'kulemba dzina lake ndi langa m'gululo. Anatuluka m'kompyutamo, n'kulowanso ndi dzina lake. Tepi inayamba kulira pang'onopang'ono. Kukopera kunatenga ola lathunthu, iye akungokukuta mtedza wake osatigawira.

Atatsegula pulogalamu yoyamba, moni asanamveke, panamveka kutsokomola kawiri. Mayi Rahila anagwiritsa benchi.

"Ndi iwowo," anatero. "Chifuwa chimenechi ndinawauza kangati kuti apite nacho kuchipatala? Mwananga, bwezanso pomwepo ndimve."