Chaka Chimene Mavuto Anafera M'chigafa

Ndikukumbukira fungo la fodya wauwisi m'chigafa cha bambo anga kwa Kaluluma, ndi phula lake lakuda lomata m'zala. M'chigafa mmenemo ndi mmene anandiphera, ine mwini ndili pomwepo ndikusoka fodya.

Ndinali nditalemba mayeso a Sitandade 8 koma osasankhidwa kupita ku sekondale. Masiku amenewo anthu ankati wobwereza sasankhidwa, choncho mankhwala ake kunali kusintha dzina n'kukalowa sukulu ina ngati munthu watsopano. Anabwera ndi nzeruyi anali amalume a Jailosi, amene anapitako ku Joni n'kubwerako ndi chipewa, mano ochepa ndi mafunso ambiri.

"Mavuto wafa," anatero akundiloza ndi ndudu yawo yachingambwe. "Kuyambira mawa uyu ndi Madalitso."

Bambo anali mkulu wa mpingo, ndiye nkhaniyi inawatsamwitsa. "Ine ndinabatizitsa Mavuto. Tsiku lachiweruzo akadzaitana Madalitso, adzadzuka ndani, alamu?"

Amalume anatola tsamba la fodya. "Ili linali kambewu kunazale. Dzulo linali m'munda. Mwezi wamawa likhala m'belo, kenako utsi m'mphuno za mzungu. Fodya weniweni ndi uti? Amene munabatizitsa uja analibe mano, ankakodzera mlongo wanga kumsana. Ali kuti lero? Munthu kulibe, alamu. Kuli njala, kuli tulo, kuli dzina loitanira, basi."

Bambo anati munthu ndi mzimu. Amalume anafunsa ngati mzimuwo umakhala m'chiwindi kapena m'bondo, kuti akaupatse moni. Anakangana mpaka fodya wothyola tsiku limenelo anatha. Bambo sanagonje, koma anayang'ana manja anga akuda bii, anayang'ananso munda, n'kunena motsitsa mawu kuti Mulungu sangasokonezeke ndi dzina.

Ndinayamba sukulu ya kutsidya kwa dambo. Sabata yoyamba aphunzitsi akaitana Madalitso, ine ndinkacheuka pamodzi ndi anzanga kufuna kumuona mwana wamwanoyo.

Koma chiphunzitso cha amalume chinandikomera. Loweruka lina m'mamawa amayi anandidzutsa kuti ndikathyole fodya m'mame.

"Mavuto!"

"Anamwalira," ndinayankha ndili m'bulangete.

"Madalitso!"

"Munthu kulibe, amayi. Amalume anatero."

Amayi sanatsutse. Ndinangomva nthambi ya bulugamu ikuthyoka kuseri kwa nyumba. Analowa, anavundukula bulangete, n'kunena mofatsa kuti popeza pamphasapo panalibe munthu, angokunthapo fumbi. Fumbilo linakuwa mpaka agalu a mudzi wonse anayankha. Ndinatulukira panja ndikudzikanda, ndili wotsimikiza kuti pali winawake amene msana ukumuyaka moto, ndipo winawakeyo si mlendo. Amalume ndinawapeza atakhala pachitsa, misozi ya kuseka ili mbwembwembwe.

"Kulira ndakumva, mphwanga," anatero. "Koma wolirayo sindinamuonebe."

Chaka chimenecho Madalitso anasankhidwa. Bambo anapha tambala, ndipo popemphera anathokoza chifukwa cha "mwana wanuyu, amene Inu mukumudziwa dzina lake." Anawasiyira eni ake kumwambako kuti asankhe.

Lero ndine mphunzitsi pa Kasungu Boma. Kuntchito ndine a Madalitso, kumudzi ndikadali Mavuto, ndipo mayi a kunyumba amasankha dzina malinga ndi mmene ndawakwiyitsira. Ndikamaona chithunzi changa cha ubwana, kamnyamata ka mutu waukulu kaja sindikadziwa, ngakhale ndimakamvera chisoni.

Ana a masiku ano sangafe n'kudzukanso monga ndinachitira ine. Boma linawapatsa manambala, ndipo akakula limawajambula nkhope ndi zidindo za zala. Tsiku lina ndinaika chala pamakina a kubanki, nthawi yomweyo anandizindikira, opanda kukayika ngakhale pang'ono. Makinawo ndinawachitira nsanje. Ine ndakhala ndi munthu ameneyu moyo wanga wonse, timadyera mbale imodzi, koma mukandifunsa kuti ndi ndani, ndingakupempheni kuti mubwerenso mawa.