Mayeso Amene Kunalibe

Misozi, mnzanga wa ku Petauke amene ndimagona naye chipinda chimodzi ku yunivesite, anasiya kudya ndi kulowa m'kalasi atate ake atamwalila. Tsiku lina anandigwila dzanja.

"Tiza, mailo undipelekeze kwa alangizi a za maganizo. Ndekha ndikuopa."

"Mailo ndili ndi mayeso," ndinayankha msangamsanga.

Mayeso kunalibe. Ndinaopa kuti ondiona pakhomo paja adzati nanenso mutu wasokonekela. M'mawa ndinanyamula mabolopeni awili, n'kukabisala kuseli kwa laibulale. Ndikakhala, ndimaimilila, ndikatsegula foni, ndimaitsekanso. Nditabwelela ndinachita kudandaula kuti funso lachitatu linali lovuta, ndipo Misozi, amene anapita yekha, ndiye anandipepesa.

Patchuthi basi imene tinakwela itaima kwathu ku Nyimba, Misozi anatsika kudzapatsa moni amayi anga, amene amagulitsa nthochi pasiteshoni.

"Amama, mwana wanuyu ndiye anandisunga pa mavuto anga," anatelo atagwada.

Amayi anandiyang'ana monyadila, n'kumuthyolela nthochi zakupsa bwino. Ndinatsala pang'ono kuulula bodza lija, kondakitala akuitana, ine ndikusinthasintha chikwama m'manja.

"Si kanthu," ndinatelo, ndipo ndinamwetulilanso.