A Giuse Khue, Omata Njinga a ku Hanoi

A Giuse Do Van Khue, amene tawaika m'manda Lachisanu lapitali, anabadwa mu 1921 kumudzi kwawo ku Nam Dinh. Ali mwana anagwa mumtengo n'kuthyoka chiuno, ndipo anatsimphina moyo wawo wonse. Anabwera kuno ku Hanoi ali mnyamata, n'kuyamba kumata matayala a njinga pamphambano ya msewu wathu. Mu 1954, dziko litagawidwa pawiri, abale awo atakwera sitima kupita kumwera, iwo anatsala, pakuti mayi awo anali osaona ndipo anakaniratu kusamuka. Misa yam'mawa sankajomba, ngakhale m'zaka zomwe munthu ankayamba wacheuka asanalowe m'tchalitchi, poopa boma.

Mu Disembala 1972 ndege za Amerika zinkaponya mabomba mumzinda uno usiku ndi usana. Tsiku lina masana, ndege zitangodutsa, anthu anapeza kuti nyumba ya a Thoa, azamba a m'dera lino, yagwera padzenje lawo lobisalamo. Pambali pa bwinjalo panali patazika bomba losaphulika, mchira wake uli kunja. Asilikali anazunguliza malowo ndi chingwe.

"Mabomba enawa amakhala ndi nthawi yake," anatero mkulu wawo. "Wina asayandikire, tidikire odziwa kulitsegula."

Koma a Khue anamva chitsulo chikugogodedwa pansi pa njerwa. Chinalira katatu, kenako zii. Anatola zitsulo zovulira tayala ndi beseni loyeseramo machubu.

"Bambo a Loc, mwapenga?" anakuwa akazi awo, a Nhan, powaitanira dzina la mwana wawo. "Ndi mwendo umenewo? Nkhuku yomwe imakusiyani m'mbuyo!"

"Ndiye zili bwino, mayi. Sindivutika n'kuganiza zothawa."

Anakwawa pansi pa chingwe msilikali asanawagwire. Ankatumphula njerwa imodziimodzi, dothi n'kumakatayira patali ndi beseni, kuopa kugwedeza bombalo. Dzenje litafika m'chiuno, lipenga lochenjeza linaliranso. Msewu wonse unathawira m'maenje. Mizinga yowombera ndege inayamba kugunda, nthaka ikunjenjemera, ndipo a Khue anaona dothi likuyoyoka m'mbali mwa bomba lija. Anayamba Tikuoneni Maria, koma mawu sanathe kupitirira mzere woyamba. Anangoubwereza womwewo.

Mwadzidzidzi wina anawalanda beseni. Anali a Nhan.

"Mukuchedwa, bambo inu. Kumbani, ine ndizitaya."

Anakumba awiriwo mpaka chivundikiro cha dzenje chinaonekera. Anatulutsa a Thoa ali moyo, mkono utathyoka. Mayi a Thoa, omwe anali nawo m'dzenjemo, anali atatsirizika kale, ndipo anawasiya momwemo. A Nhan anabereka mzamba uja n'kuliyatsa liwiro. A Khue ankatsimphina pambuyo, ndipo asanafike pamphambano bomba linaphulika n'kuwagwetsa chafufumimba. Anadzuka magazi akutuluka m'makutu. Chichokereni tsikulo sanamvenso mawu a munthu.

Anabwerera pantchito yawo sabata yomweyo. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anakhala pabenchi yakutsogolo m'tchalitchi, akuyang'ana milomo ya ansembe kuti adziwe poyankhira. Sanadandaulepo. Chomwe chinkawawawa n'chakuti anasiya gogo uja m'dzenje, ndipo chaka chilichonse ankamupempherera Misa ngakhale gogoyo sanali Mkhristu. Achinyamata akawalembera papepala kufunsa ngati sanachite mantha, ankayankha mokweza monga achitira ogontha: "Mantha ndinali nawo, ana inu. Kungoti munthu anagogoda, ine n'kumva."

Sabata yatha anadwala chibayo. Atadzozedwa mafuta oyera, anapempha a Nhan kuti akhale pomwe angawaone nkhope. A Nhan anayamba kolona pang'onopang'ono, amuna awo akutsatira milomo yawo. Pofika pachigawo chachitatu, a Nhan anazindikira kuti akupemphera okha. Anawatseka maso, n'kumaliza kolonayo asanaitane ana.

Ambuye awapatse mpumulo wosatha, ndipo ifenso atipatse makutu otere.