Simunaledzere, Atate

Atate, lero ku Chiparamba kunali Mgonero, woyamba chiikireni maliro anu. Ndakumbukira Lamulungu lija munadzandira popita kutsogolo, chikho n'kukupulumukani. A Tembo, mkulu wa mpingo, anakuimitsani Mgonero, ati, "Aphunzitsi ayamba kachasu." Inu amene mowa simunaulawepo. Munangotsamira paphewa panga, tinatuluka.

Adokotala anadzatifotokozera mochedwa kuti m'magazi a banja lathu, m'tizinthu tachibadwa totengera kwa makolo, muli kachigawo kodzibwereza mopitirira muyeso, kamene kamawononga ubongo pang'onopang'ono, ndipo kamatha kutalika popita kwa mwana. Ndi matenda omwe anatenganso agogo. Ndinakawauza a Tembo, koma sanapepese. Pamaliro anu ndiwo anakutamandani kwambiri.

Lero dzanja langa linanjenjemera polandira chikho. Mwina ndi mkwiyo chabe, Atate. A Tembo anandiyang'ana monga anakuyang'anirani inu. Ine sindinatuluke, ndinamwa ndikuwayang'ana m'maso.